Menyu ya magawo anayi ikukanika pa foni, thandizeni

Tadala: Abale, zandivuta. Ndikukonza webusaiti ya bungwe lina kuno ku Salima, WordPress, theme yogula. Mabwana akumeneko akufuna menyu itsate organogram yawo, chithunzi cha momwe madipatimenti awo anasanjidwira: Programmes, pansi pake Livelihoods, pansi pake Agriculture, pansi pakenso Irrigation, ndiye fomu ya ngongole ya mapampu ili mkati mwa Irrigation. Pa laputopu dropdown ikutsika bwinobwino ndi hover, kungoika mausi pamwamba osadina. Pa foni ukadina Programmes ikungotsegula peji ya Programmes, za m'kati zija osaoneka. Ofuna fomuyo ndi alimi a ku Lifuwu ndi ku Chipoka, ali ndi ma itel ndi ma Tecno, palibe wa mausi. Lachisanu ndikuyenera kukapereka ntchito. Nditani?

Mphatso: Ikani search pamwamba. Munthu alembe chomwe akufuna, nkhani yatha.

A Banda: Achemwali, pa foni palibe hover, ndiye chala chimodzi mukuchipatsa ntchito ziwiri, kutsegula peji ndi kutsitsa menyu. Zilekanitseni. Mawuwo akhale link, pambali pake pakhale kabatani ka muvi kotsitsira, button yeniyeni yokhala ndi aria-expanded, ka code kouza screen reader ngati menyu yatseguka kapena yatsekeka. Kasachepe: Google amati 48dp, Apple amati 44pt. Zala za munthu wolima si za mu ofesi.

Koma mukakonza zimenezo vuto lalikulu likhalapobe. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu sadziwa kuti pampu ndi mwana wa Livelihoods. Mawu amenewo ndi a m'malipoti opita kwa ma donor. Iye akudziwa ngongole, mbewu, ntchito, nambala ya foni. Menyu yotsata organogram imathandiza anthu amene akudziwa kale bungwelo, omwe ndi ogwira ntchito momwemo.

Tadala: Ndinawauza zimenezo. Mkulu wa dipatimenti iliyonse akufuna dzina la dipatimenti yake lioneke pamwamba.

Chisomo wa ku Dwangwa: Zimenezo ndinakumana nazo pa loji ina ku Nkhotakota. Mwini wake anafuna mega menu yokhala ndi zithunzi za zipinda, za nyanja, za njovu za ku game reserve, zonse mu dropdown. Pa Wi-Fi ya pa reception imawala. Titatuluka panja ndi bandulo, ka hamburger, kabatani ka mizere itatu kotsegulira menyu, kamadikira JavaScript kaye, munthu n'kumangodina osatseguka. Pa Opera Mini ndiye zinthu zinasokonekeratu. Alendo amaimba foni kufunsa mitengo yomwe inali pa webusaiti pomwepo. Chonde musawonjezere plugin ina pamwamba pa theme yolemera kale. Ndipo musayesere pa DevTools pokha, pamene browser ya pa laputopu imangoyerekeza foni, bwerekani itel yeniyeni.

Mphatso: N'chifukwa chake ndikuti search. Siidikira zithunzi.

A Banda: Achimwene, search ya WordPress imayang'ana mutu ndi mawu a m'peji, siiwerenga za m'kati mwa PDF. Mapejiwo ali m'Chingerezi. Mlimi akalemba "ngongole ya pampu" apeza Nothing Found, atseka, sabweranso. Komanso munthu sangafufuze chinthu chomwe sakudziwa kuti chilipo.

Yamikani: Tadala, chenjezo limodzi musanayambe kusuntha zinthu. Menyu ya ku Appearance > Menus ndi yosiyana ndi Parent ya mapeji, pomwe mumasankha peji ya kholo. Menyu mukhoza kuisanja momwe mukufunira, ma URL osasintha. Koma mukasintha Parent ya peji, permalink, adiresi ya pejiyo, imasintha, ndipo ma link amene anayenda kale pa WhatsApp ndi amene anasindikizidwa pa mapositala akhoza kugwera pa 404, uthenga woti peji silikupezeka. Ngati mwasuntha, ikani 301, yolozera adiresi yakale ku yatsopano, ndi plugin ya Redirection tsiku lomwelo. Chinanso, depth => 2 mu wp_nav_menu, code yoletsa menyu kupitirira magawo awiri, muiike mu child theme, ka theme kosungira zosintha zanu. Mukaika mu theme yaikulu, update ikadzabwera idzafufuta.

A Banda: Magawo awiri akukwana. Zotsalazo zikhale ma link wamba pa peji ya kholo, kuti ngakhale script italephera munthu athe kutsika. Breadcrumbs za plugin ya Yoast, tima link tosonyeza munthu pomwe ali pa webusaiti, ziyatseni, chifukwa ambiri adzalowera pakati kudzera pa link ya pa WhatsApp, osati pa Home. Fomuyo ituluke m'dzenjemo, ikhale pamwamba ndi dzina lake. Madipatimenti apatseni malo pansi pa About. Ngati mabwana akukana, lembani mitu ya mapeji pa timapepala, mupatse anthu asanu pa Kamuzu Road aunjike momwe akuonera, mujambule, mukawaonetse. Kukangana nawo pakamwa simungapambane.

Chisomo wa ku Dwangwa: Koma samalani, akavomera pakamwa alembe pa imelo. Ine wina anavomera menyu yaifupi, atabwera wapampando wa bodi n'kufunsa kuti chithunzi chake chili kuti, ndinabwezeretsa zonse popanda kuwonjezera ndalama. Anakupatsani dipoziti?

Tadala: Theka. Inayo akuti ndikapereka.

Yamikani: Ndiye admin password musapereke kaye. Akalowa okha amawonjezera peji iliyonse mu menyu, makamaka ngati ka bokosi ka Automatically add new top-level pages kali kochonga. Kachotseni lero.

Mphatso: Ine ndikubwerezabe. Mutaya sabata yonse ndi timapepala, chonsecho bokosi limodzi la search likanakwana. Google yomweyo ili ndi dropdown?

A Banda: Search aike, palibe akukaniza. Koma isalowe m'malo mwa menyu.

Chisomo wa ku Dwangwa: Za dipoziti zomwezo, anzanga mukulipiritsa bwanji maintenance masiku ano? Hosting timalipira m'madola, koma kasitomala akufuna mtengo wa chaka chatha.

Yamikani: Ine ndinasiya kuphatikiza. Hosting ndi domain alipire okha m'dzina lawo, ine ndilipiritse ntchito yanga pa mwezi.