Fayilo ikungozungulira ku khonsolo, timasule bwanji?

Wojambula mapulani: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi pulani ya nyumba yosanja, pansi mashopu, pamwamba maofesi. Nditaipereka kuti andipatse chilolezo chomanga, poyamba a khonsolo anaibweza ati akufuna pulani ya ngalande, chinthu chomwe pa fomu yawo sichinalembedwe. Nditapereka, a zamisewu anati polowera magalimoto payandikira kwambiri mphambano. Ndasuntha polowerapo, malo oimika magalimoto achepa, ndiye a mapulani abwezanso. Kasitomala akuona ngati wogona ndine. Anzanga mumatani kuti ndemanga zonse zizibwera nthawi imodzi?

Wa ku khonsolo: Pepani bwana, koma ndiyankhuleko za mbali yathu. M'maofesi ambiri fayilo imayenda ndi munthu, kuchoka tebulo ili kupita tebulo lina. A zamisewu akaigwira, a zaumoyo ndi ozimitsa moto amadikira, ndiye aliyense amalemba zake pa nthawi yake osadziwa kuti mnzake wanena chiyani. Limenelo ndi vuto lathu, sindikana.

Koma zina zimachokera kwa inu. Pulani yajambulidwa pa pepala lalikulu la A1, sikelo 1:100 (sentimita imodzi pa pepala ikuimira mita imodzi), munthu n'kukaisindikiza pa pepala laling'ono la A3 osasintha cholembedwacho. A3 ndi theka la A1 m'litali ndi m'lifupi, ndiye pa pepala limenelo sikelo yasanduka 1:200. Ine ndikaika rula kuti ndione mpata wa pakati pa khoma ndi malire, mamita 3 akuoneka ngati mita imodzi ndi theka. Ikani kamzere ka sikelo pa pepala lililonse, chifukwa kameneko kamachepa limodzi ndi chojambulacho. Komanso kukula kwa nyumba komwe mwalemba pa fomu kuzifanana ndi kwa pa pulani. Zikasiyana, sindingawerengere ndalama yolipira, ngakhale kudziwa gawo la poloti lomwe nyumba yatenga.

Mkulu pantchitoyi: Achimwene, vuto lanu linayamba musanapereke fayilo. Nyumba ya malonda imayambira pa geti. Mudziwe kaye polowera ndi potulukira magalimoto, kenako komwe madzi a mvula ndi a kuchimbudzi adzapite, nyumbayo ibwere pambuyo. Geti likasuntha, zonse zimasuntha, monga mwaonera.

Ine ndimapempha kukumana ndi a khonsolo ndisanajambule zambiri. Ndimatenga site plan (pulani yoonetsa poloti yonse ndi pomwe nyumba idzakhale) ya 1:500, mapu a wopima malo osonyeza mabikoni (zizindikiro za malire a poloti), ndi kapepala kamodzi kofotokoza ntchito ya nyumbayo, kutalika kwake ndi kuchuluka kwa magalimoto. Zithunzi zokongola za 3D ndimasiya, zimangosokoneza, anthu amayamba kukambirana mtundu wa penti. Ndimaumirira kuti wa zamisewu akhalepo. Tikatha, tsiku lomwelo ndimalemba zomwe tagwirizana n'kuwatumizira pa imelo kuti ngati ndalemba molakwika akonze.

Wachinyamata: Bambo, zimenezo ndazimva, koma zokambirana zotere sizimanga munthu. Ofisala amene mwagwirizana naye akasamutsidwa, wobwerayo amayamba zake. Nanga komiti yovomereza mapulani ikakana?

Wa ku khonsolo: N'zoona, chilolezo chimachokera ku komiti kapena kwa amene wapatsidwa mphamvu yosaina, osati pa zokambirana. Komabe imelo ija ikalowa mufayilo, wobwerayo ayenera kufotokoza chifukwa chomwe akusiyanira ndi mnzake. Zapakamwa n'zomwe zimasowa.

Injiniya: Ndiwonjezereko za ngalande. Kujambula mivi yosonyeza komwe madzi akulowera sikokwanira. Lembani ma level (manambala osonyeza kukwera kapena kutsika kwa malo) a pansi pa nyumba, a pabwalo ndi a ngalande ya kumsewu. Ndaonapo pulani yomwe madzi ake amayenera kukwera phiri kuti akafike mu ngalande. Mutipatse site plan msanga, osati mutamaliza zonse n'kumati tingosainapo.

Mayi wojambula mapulani: Pa funso lanu lenileni, achimwene: musayankhenso ndemanga imodziimodzi. Lemberani mkulu wa za mapulani, mupemphe kuti nthambi zonse zomwe zatsala zione fayilo, ndipo akupatseni ndemanga m'kalata imodzi. Poyankha, pangani tebulo: ndemanga yawo, zomwe mwachita, nambala ya pepala lomwe mwasintha. Pomwe mwasintha zungulizani ndi kamtambo, pepalalo mulipatse Rev B (chizindikiro chosonyeza kuti lakonzedwanso) ndi deti. Pomwe simukugwirizana nawo lembaninso, ndi chifukwa chake. Ofisala asamachite kusakasaka kuti chasintha n'chiyani.

Za mndandanda wa zofunika popereka fayilo, ena anazikonza kale. Ku England lamulo limapatsa khonsolo masabata 8 pa ntchito zazing'ono ndi 13 pa zikuluzikulu kuti ipereke yankho, kuwerengera pomwe fayilo yokwanira yalandiridwa. Makhonsolo amasindikiza mndandanda wa zomwe amafuna, ndipo pa mapu a malo poloti imazungulizidwa ndi mzere wofiira. Nakonso mafayilo amachedwa, mpaka amapemphana kuwonjezera nthawi, koma munthu amadziwa chomwe chikusowa komanso tsiku lomwe kuwerenga kwayambira.

Wa ku khonsolo: Mayi, mndandandawo ndi womwe ndakhala ndikuufuna. Tikaulemba tokha udzatalika, chifukwa nthambi iliyonse idzafuna kuikamo zake, mpaka womanga khonde adzafunsidwa lipoti la magalimoto. Ukhale wogawa: nyumba yogona, nyumba ya malonda, kusintha ntchito ya nyumba, kugawa poloti. Bungwe lanu la ojambula mapulani likalemba kalata yopempha kuti tikhale pansi, mabwana anga amamva msanga kusiyana ndi ine ndikamadandaula ndekha. Chinanso, mukapereka mapepala perekaninso PDF, kuti ndizitumiza ku nthambi zonse tsiku limodzi.

Mkulu pantchitoyi: Kalatayo ndilemba ine. Koma tisapiteko ndi madandaulo okhaokha. Aliyense anditumizire zifukwa zomwe mafayilo ake anabwezedwera chaka chino, popanda dzina la kasitomala kapena nambala ya poloti. Tikaziika pamodzi tiona zomwe zikubwerezabwereza, ndipo tisadzadabwe zina zikapezeka kuti n'zathu.

Wojambula mapulani: Zikomo nonse. Kalata yopempha ndemanga zonse ndipereka mawa. Koma malo oimika magalimoto akuperewerabe awiri. Ndichepetse maofesi apamwamba, kapena ndipemphe kuti andilole momwemo?

Wa ku khonsolo: Musachepetse kaye. Bweretsani ma site plan awiri, wina wa geti lakale, wina wa latsopano, ndipo wa zamisewu ndi wa mapulani awaone ali pamodzi. Ngati geti lasuntha chifukwa cha chitetezo cha pamsewu, lembani zimenezo m'kalata yanu kuti komiti ikaone chifukwa chomwe malowo achepera.