Kuchekenira mandala a mtengo wa moyo: ndiyambire pati kuti maganizo apume?

Nabanda analemba:

Moni kwa nonse. Miyezi iwiri yapitayo mng'ono wanga anandipatsa buku la zithunzi zochekenira za akuluakulu, ponena kuti lindithandiza kupumitsa maganizo madzulo ndikaweruka ku ntchito, popeza ndakhala ndikusowa tulo kwa nthawi ndithu. Zithunzi zambiri m'bukumo ndi za mandala, kutanthauza zithunzi zozungulira zokhala ndi tizigawo tambirimbiri tobwerezabwereza, ndipo zimene zinandigwira mtima ndi za mtengo wa moyo, zija zimene mtengo umaima pakati pa mzere wozungulira, nthambi zake n'kupindikira pansi, mizu n'kupindikira m'mwamba, mpaka zonse kukumana m'mbali ngati zagwirana manja.

Vuto langa ndi lakuti m'malo mopuma ndikutopa. Ndimakhala pansi ndi bokosi la mapensulo 48, ndipo mphindi zimatha ndisanakhudze pepala chifukwa chosankhasankha mtundu woyambira. Usiku wina ndinayamba ndi masamba a kumanja, tsamba lililonse mtundu wakewake, ndipo pofika pakati chithunzicho chinali chitasokonezeka moti mtengo sunkaonekanso. Chala changa chapakati chinachita thuza chifukwa chokanikiza pensulo, komanso mbali ya dzanja inali itapaka mtundu wobiriwira pa mizu yonse. Ndinatseka bukulo mtima uli m'mwamba kuposa mmene ndinalitsegulira.

Ndili ndi mafunso atatu. Kodi chithunzi chotere chimayambidwa pati, ndipo chimafuna mitundu ingati? Kodi chinachokera kuti, nanga chimatanthauza chiyani, pakuti ine ndine munthu wopemphera ndipo sindifuna kukongoletsa chinthu chimene sindikuchidziwa? Pomaliza, kodi n'zoona kuti kuchekenira kumachepetsa nkhawa, kapena ndi mawu a ogulitsa mabuku chabe?

Mbewe anayankha:

Mayi Nabanda, zimene mwafotokozazi zinandichitikiranso ine pamene ndinkayamba, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti chimene chinkanditopetsa sichinali chithunzi koma bokosi la mapensulo. Mukakhala ndi mitundu 48 patsogolo panu, kachigawo kalikonse kamakufunsani funso, ndipo chithunzi chimodzi cha mandala chimakhala ndi tizigawo tambirimbiri. Munthu amene waweruka ku ntchito atatopa ndi kugamula nkhani sangapume pogamulanso kambirimbiri usiku. Choncho musanatsegule buku, sankhani mapensulo asanu kapena asanu ndi imodzi, ndipo bokosilo mulitseke n'kuliika kutali ndi dzanja lanu. Sankhani mitundu yoyandikana, monga wachikasu, wobiriwira mowala, wobiriwira moderako ndi wabuluu, kenako muwonjezerepo wofiirira wa thunthu ndi mizu, komanso mtundu umodzi wotsutsana ndi yonseyi, monga wofiira, umene mudzauike mwa apo ndi apo pa zipatso kapena pa maluwa. Mtundu wotsutsanawo ukachuluka umaphimba inzake yonse, koma ukachepa ndi umene umadzutsa chithunzi.

Pa nkhani ya poyambira, ine ndimayamba ndi thunthu, kenako mizu ndi nthambi zikuluzikulu, zonse ndi mtundu umodzi. Mtengo ukaoneka kaye wonse, maso amadziwa pamene tsamba lililonse lagwirira, ndipo chithunzi sichisokonezekanso. Masamba ndimawachekenira pomaliza, mozungulira: ndikatenga pensulo imodzi ndimamaliza nayo malo ake onse kuzungulira chithunzi, ndisanaiike pansi n'kutenga ina. Pepala ndi limene ndimalizunguza, osati dzanja, ndipo pansi pa dzanja ndimaikapo kapepala koyera kuti ndisafafanize zimene ndapaka kale.

Thuza limene mwatchulalo likusonyeza kuti mukukanikiza kwambiri. Pepala lili ndi tokhakhala ting'onoting'ono timene timagwira mtundu wa pensulo, ndipo mukakanikiza nthawi yoyamba mumatiphwanya tonse, moti mtundu wachiwiri umangoterereka osagwira. Gwirani pensulo chakumtunda, kutali ndi nsonga, ndipo muzipaka mopepuka ndi tizungulirezungulire ting'onoting'ono, kawiri kapena katatu pamalo amodzi, mpaka mtundu utakhuta wokha. Kukanikiza kumabwera komaliza, ngati mukufuna kuti malowo asalale. Mapensulo ena, monga a Prismacolor Premier, ali ndi phula lambiri: ndi ofewa ndipo amasakanikirana msanga, koma mukaunjika mtundu woderako pamadzaoneka kautsi kotuwa pakapita masiku, kamene kamachoka mukapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa. Ena, monga a Faber-Castell Polychromos, ndi olimbirapo ndipo nsonga yake imakhalitsa, zimene zimathandiza pa timasamba ting'onoting'ono. Komabe sindikunena kuti mugule atsopano, chifukwa amene muli nawowo akwanira mukamawasongola bwino. Chimene muyenera kusamala nacho ndi mamaka, zolembera za inki zija zopakira mitundu: inki yake imadutsa pepala lopyapyala la 80 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) n'kuwononga chithunzi cha kuseri, ndipo amafuna pepala lochindikala la 160 gsm kapena kuposa apo.

Nachisale anayankha:

Achemwali a Nabanda, a Mbewe alongosola bwino za kachekeniridwe, choncho ine ndiyankha funso lanu lachiwiri, limene ndikuliona kuti ndi loyenera kufunsidwa. Choyamba, mawu akuti mandala pano sakugwirizana ndi mandala amene timavala m'maso, angofanana kamvekedwe. Awa ndi ochokera ku Sanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, ndipo amatanthauza chinthu chozungulira. M'chipembedzo cha Chihindu ndi cha Chibuda mandala ndi chithunzi chopatulika choimira dongosolo la chilengedwe chonse, ndipo amachigwiritsa ntchito posinkhasinkha. Amonke a ku Tibet amachipanga ndi mchenga wa mitundu yosiyanasiyana, umene amauthira pang'onopang'ono kudzera mu timapaipi tachitsulo, ntchito imene imatenga masiku angapo, ndipo akamaliza amausesa mchengawo n'kukauthira m'madzi oyenda posonyeza kuti palibe chinthu chokhalitsa.

Amene anachititsa kuti mandala adziwike pakati pa akatswiri a za maganizo ku Ulaya ndi Carl Jung, dokotala wa ku Switzerland. Iye anajambula mandala ake oyamba mu 1916, ndipo pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, pamene ankayang'anira msasa wosungiramo asilikali a ku Britain ogwidwa pa nkhondo ku Château-d'Œx m'dziko la Switzerland, ankajambula kachithunzi kozungulira m'mawa uliwonse m'kabuku kake, ndipo anaona kuti maonekedwe a kachithunziko ankasintha mogwirizana ndi mmene mtima wake unalili tsikulo.

Mtengo wa moyo uli ndi mbiri yakeyake, yosiyana ndi ya mandala. Popeza ndinu wopemphera, mukuudziwa kale pa Genesis 2:9, pamene unaima pakati pa munda wa Edeni, komanso pa Chivumbulutso 22:2, pamene ukubala zipatso 12 ndipo masamba ake ndi ochiritsa mitundu ya anthu. Pa Miyambo 3:18 nzeru imatchedwanso mtengo wa moyo. Koma anthu enanso ambiri anali ndi mtengo wawo. Asuri anasema mtengo wopatulika pa makoma a nyumba yachifumu ya mfumu yawo Ashurnasirpal II ku Nimrud, mzinda wakale wa m'dziko limene lero ndi Iraq, zaka zoposa 800 Yesu asanabadwe. Anthu akale a ku Scandinavia ankanena za Yggdrasil, mtengo waukulu umene unagwirizanitsa maiko onse, ndipo m'chiphunzitso cha Ayuda cha Kabbalah muli chojambula chotchedwa mtengo wa moyo chimene chili ndi mfundo 10 zolumikizidwa ndi njira 22. Nthambi zopiringizika ngati nkhono zimene zimaoneka m'mabuku ambiri ochekenira zimandikumbutsa mtengo umene Gustav Klimt, wojambula wa ku Austria, anakonzera chipinda chodyera cha nyumba ya banja la Stoclet ku Brussels m'dziko la Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Maganizo anga ndi akuti zithunzi za m'mabuku athuwa n'zokongoletsera, zimene ojambula amakono anaphatikiza mtengo ndi mzere wozungulira chifukwa ziwirizi zimakwanirana bwino: mizu imadzaza theka la pansi, nthambi theka la pamwamba. Si zithunzi zija zopatulika za ku Tibet, zimene zili ndi malamulo a kajambulidwe ndi mapemphero ake. Ngakhale zili choncho, nkhani ya chikumbumtima sindingakugamulireni. Ngati mupeza tsamba limene lili ndi zizindikiro zimene mtima wanu ukuzikana, lidumpheni, pakuti chinthu chimene mukuchichita kuti mupume sichiyenera kukusiyani ndi mtolo wina.

Nkhoma anayankha:

Mayi, funso lanu lachitatu lili ndi yankho, ngakhale kuti si lalikulu monga mmene zikuto za mabuku zimanenera. Mu 2005 Nancy Curry ndi Tim Kasser a ku Knox College ku America anafalitsa kafukufuku amene anachita ndi ophunzira 84. Poyamba anawapempha kulemba za nthawi imene anachitapo mantha kwambiri, kuti nkhawa yawo ikwere, kenako anawagawa m'magulu atatu: ena anachekenira mandala, ena chithunzi cha mizere yopingasana, ndipo ena anapatsidwa pepala lopanda kanthu kuti ajambule zimene akufuna, onse kwa mphindi 20. Nkhawa inatsika kwambiri mwa amene anali ndi chithunzi chojambulidwa kale kusiyana ndi amene anali ndi pepala loyera. Mu 2012 Renée van der Vennet ndi Susan Serice anabwereza kafukufukuyu, ndipo kwa iwo mandala anaposa chithunzi cha mizere chija. Chimene ine ndimatolapo ndi chogwirizana ndi mawu a a Mbewe: chimene chimakhazika mtima pansi ndi malire amene alipo kale, pamodzi ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi, osati ufulu wosankha chilichonse.

Tiyenera kunena chilungamo kuti kafukufukuyu anayeza nkhawa ya kanthawi kochepa mwa ophunzira, osati matenda a nkhawa. Kuchekenira pawekha sikufanana ndi chithandizo chimene katswiri wophunzitsidwa amapereka pogwiritsa ntchito zojambula. Ngati kusowa tulo kwanu kwatenga miyezi, ndikukupemphani kuti mukaonane ndi dokotala, ndipo bukulo likhale lothandizira chabe.

Pali malo amodzi pamene ndikusiyana ndi a Mbewe. Ine sindiyamba ndi thunthu, koma ndi mphete ya kunja kwenikweni, n'kumalowa mkati pang'onopang'ono. Ndikamayamba ndimakhala ndi maganizo obalalika, ndipo tizigawo ta kunja, timene timafanana tonse, sitifuna kuganiza kulikonse. Pofika pa thunthu mtima umakhala utakhazikika, ndipo m'pamene ndimatha kupaka makungwa mosamala, mbali imodzi moderako ndi ina mowala. Ndimatcheranso wotchi pa mphindi 20, ndipo ikalira ndimasiya ngakhale tsamba lili pakati.

Mbewe anayankhanso:

A Nkhoma, njira yanuyo ndi yabwino kwa munthu amene maso ake anazolowera kale kuona mtengo pakati pa mizere yambiri. Kwa woyamba kumene ndikuopa kuti angapake nthambi poganiza kuti ndi mpata wa pakati pa masamba, monga ndinachitira ine kangapo, ndipo pensulo ikakhuta siifufutika yonse ngakhale mutakhala ndi chofufutira chabwino. Mwina mayiwa ayambe angodutsitsa mtundu wofiirira mopepuka kwambiri pa thunthu, mizu ndi nthambi kuti aziziona, kenako atsate njira yanu yochokera kunja. Za mphindi 20 ndikugwirizana nanu kwathunthu.

Nabanda analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu chifukwa cha nthawi yanu. Ndadikira sabata yathunthu ndisanayankhe kuti ndiyambe ndayesa zimene munanena. Ndinasankha mapensulo asanu ndi imodzi ndipo otsalawo ndinawatsekera m'kabati. Ndinadutsitsa wofiirira mopepuka pa mtengo wonse, ndipo ndinadabwa kuona kuti nthambi zina zimene ndinkaziyesa zosiyana zinali nthambi imodzi yopita pansi pa inzake n'kukatulukira kutsogolo, mpaka kukasanduka muzu kumunsi. Usiku woyamba ndinathera mphindi zanga zonse pa kulondola nthambi imeneyo ndi nsonga ya pensulo. Masiku otsatira ndinayambira kunja monga ananenera a Nkhoma, ndikuzunguza buku patebulo, ndipo pa tsiku lachitatu wotchi inalira ndisanaganizepo za ntchito ngakhale kamodzi. Thuza lija lapola, chifukwa tsopano ndikugwira pensulo chakumtunda.

Achemwali a Nachisale, ndinawerenganso Chivumbulutso 22 ndipo ndinasankha kuti mtundu wofiira ndiuike pa zipatso 12 zokha, zotsalazo zikhale zachikasu. Tsamba limodzi m'bukumo ndalidumpha monga munandilangizira. Tulo sitinabwerere mwakale, ngakhale kuti ndikugona msanga pang'ono, choncho ndakonza zokaonana ndi dokotala sabata yamawa. Chithunzicho sichinathe, kwatsala masamba a kumanzere ndi mpata wa kuseri kwa mtengo. Pamenepa ndili ndi funso lina kwa a Mbewe: kodi mpata umenewu ndiusiye woyera, kapena ndiupake wabuluu mopepuka, pakuti ndikuopa kuti ndikaudetsa kwambiri mizu yanga yofiirira isiya kuoneka?