Akulu a distrito akufuna nambala imodzi ya 2035, ine ndili ndi masenariyo: ndiyambire pati?

Mlangizi wa mapulani, mzinda wa Tete

Akuluakulu ndi anzanga a ntchito, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndapatsidwa ntchito yothandiza imodzi mwa madistrito athu omwe achita malire ndi Malawi kukonzanso pulani yake ya chitukuko ya zaka 10, ndipo amene akulipira ntchitoyi analemba kuti pulaniyo ikhale yoonera patali komanso yogwirizana ndi ndondomeko ya chitukuko cha dziko la Mozambique yotchedwa ENDE 2025–2044 ndi pulogalamu ya boma ya zaka zisanu. Nditatchula za masenariyo, omwe ndi zithunzi zosiyanasiyana za momwe tsogolo lingadzakhalire, akulu a distritoyo anandiyankha mwaulemu kuti iwo sanaitane munthu wodzawakambira nthano zinayi, koma akufuna chiwerengero cha anthu, matani a chimanga ndi ndalama zomwe zidzakhalepo mu 2035 kuti aziike m'tebulo. Pamwamba pa izo, mapulani a nthambi zawo akutsutsana okhaokha. A zaulimi akufuna kukulitsa minda ya fodya ndi kachewere, a zachilengedwe alonjeza kuteteza nkhalango zomwezo zimene zimapereka mitengo ya zigafa, ndipo madambo omwe a zamadzi akuwadalira ndi omwewo amene alembedwa kuti adzakhala a ulimi wothirira. Aliyense ali ndi chikalata cha unduna wake ku Maputo chomuikira kumbuyo. Kodi ndiwapatse nambala akufunazo n'kuika masenariyo kumapeto kwa buku, kapena ndiumirire?

Wopuma pa ntchito ya mapulani, Moatize

Achemwali, musaumirire, komanso musaike masenariyo kumapeto kwa buku, chifukwa kumeneko sikufika wowerenga. Akuluwo sakulakwa kwenikweni pofuna nambala, pakuti zinthu zina za mu 2035 zadziwika kale. Ana omwe adzakhala ku sekondale chaka chimenecho anabadwa kale, ndipo kalembera wa 2017 pamodzi ndi ziwerengero zomwe INE, ofesi ya boma ya ziwerengero, imatulutsa zikukwanira kuti muwerengere makalasi, aphunzitsi ndi zipatala zofunika popanda kuphonya kwambiri. Zimenezo apatseni molimba mtima, m'tebulo momwe akufunira. Mukatero adzakumverani pamene mudzawauza kuti mtengo wa fodya kapena mvula ya 2035 palibe munthu woona mtima amene angazilembe pa nambala imodzi.

Kuti amvetse msanga, musawatengere zitsanzo zakutali, akumbutseni za malasha athu. Mu 2011, pomwe kampani ya migodi ya Vale inkayamba kutumiza kunja malasha a kuno, malasha osungunulira chitsulo anafika pa madola oposa 300 pa tani, ndipo mapulani ambiri omwe ndinawaona nthawi imeneyo ankajambula mzere umodzi wokwera basi. Chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, yomwe inali ndi mgodi wa Benga, pa madola oposa 3.5 biliyoni, koma mu 2014 inagulitsa migodiyo kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Pofika 2015 mtengo unali utatsikira pansi pa madola 100, ndipo mu 2022 Vale nayo inachoka itagulitsa mgodi wa Moatize ndi gawo lake la njanji ya Nacala kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Makampani amenewa anali ndi akatswiri owerengera zam'tsogolo ambiri kuposa maofesi athu onse kuwaika pamodzi, komabe anaphonya. Anthu amene anatenga ngongole n'kumanga nyumba za lendi ndi malo ogona alendo mumzinda wa Tete podalira mzere wokwerawo sakufunika kufotokozeredwa, ndipo aliyense wokhala pa mpando m'chigawo chino anaziona ndi maso ake.

Wa bajeti, mzinda wa Tete

Ndikuvomereza zomwe anena a bambo a ku Moatize, koma nkhawa yanga ili pena. Pulani ya zaka 10 siigula ngakhale thumba limodzi la simenti. Chimene chimagula ndi PESOD, pulani ndi bajeti ya distrito ya chaka ndi chaka, yomwe imalembedwa pansi pa denga la ndalama lochokera ku Maputo, ndipo dengalo limatsatira CFMP, dongosolo la ndalama za boma la zaka zitatu. Gawo lalikulu la ndalamazo limathera ku malipiro ndi kuyendetsa maofesi, kotero kuti malo enieni omwe kuonera patali kungasinthepo kanthu ndi mndandanda waufupi wa zomangamanga, milatho iwiri, mijigo ingapo, msika, mwina nkhokwe. Ngati masenariyo anu sasintha kuti pa mndandanda umenewo chiyambe n'chiti ndipo chidikire n'chiti, ndiye kuti mwalemba buku lina loti lidzagone m'kabati pafupi ndi anzake omwe akhala akulembedwa chiyambire pomwe lamulo la 2003 la maboma a m'madera linapatsa distrito udindo wokonza mapulani ake.

Ndalama za bomazo nazonso musaziyese zodalirika. Mu 2016, ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni zitaululika, mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, metikali inagwa, ndipo ntchito zambiri zinaima zili pa maziko. Chinanso n'chakuti mu 2020 chigawo chinayamba kukhala ndi Gavanala wochokera ku chisankho komanso Mlembi wa Boma woikidwa ndi Pulezidenti, aliyense ndi nthambi zake, choncho pa ntchito iliyonse yomwe mulembe funsani kuti ndalama yake idzadutsa khomo liti. Kutsutsana kwina komwe mukuona sikunabadwire ku distrito ayi, ndipo a distrito sangakuthetse okha.

Katswiri wa zaulimi, Ulónguè

Ine ndiyankhepo za masenariyo enieniwo. Alangizi ambiri akafika kuno amayamba ndi nkhani zikuluzikulu za dziko lapansi, anthu n'kumangovomera ndi mutu podikira nthawi ya nkhomaliro. Kumadistrito a kumalire zinthu zomwe zimagwedeza moyo wa mlimi, zomwenso palibe ofesi ya kuno ingazilamulire, ndi ziwiri: mvula, ndi zomwe zikuchitika ku Malawi. Kachewere, nyemba, soya ndi chimanga chathu zimadutsa pa Calómuè, Biriwiri ndi Lizulu, ndipo m'midzi yambiri kwacha imayenda limodzi ndi metikali. Pomwe Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi amene anagulitsa mbewu zake mu kwacha koma n'kumagula katundu wake mu metikali anataya phindu asanasinthe kalikonse m'munda mwake. Za mvula zonse mukuzidziwa, chilala cha El Niño cha 2015/16 ndi cha 2023/24, komanso namondwe Ana wa mu Januwale 2022 amene anagwetsa mlatho wa pa Revúboè pakati pa Tete ndi Moatize. Zimenezi zachitika m'zaka zosakwana 10, ndipo pulani yanu ndi ya zaka 10.

Ikani ziwirizi mopingasana ndipo mudzapeza zithunzi zinayi zomwe aliyense m'chipindamo adzazizindikira: mvula yabwino msika wa kumalire ukuyenda, mvula yabwino koma msika utafa, chilala msika ukuyenda, ndi chilala msika utafa. Fodya musamuiwale, chifukwa kuno amalimidwa pa kontrakiti ndi wogula mmodzi m'dera, ndiye pa chithunzi chilichonse funsani kuti chingachitike n'chiyani wogulayo atachepetsa makontrakiti. Akulu akanenanso kuti izi ndi nthano, auzeni kuti makolo awo omwe amachita zomwezi, chimanga kumunda, kachewere kudimba, mbuzi m'khola, osati chifukwa chodziwa kuti mvula idzavuta koma chifukwa chosadziwa.

Wopuma pa ntchito ya mapulani, Moatize

Zithunzi zinayi zikhoza kuchulukira anthu a m'khonsolo ya distrito, makamaka ngati msonkhano ndi wa tsiku limodzi. Ine ndikadachepetsa kukhala zitatu.

Katswiri wa zaulimi, Ulónguè

Pamenepo ndikusiyana nanu, bambo. Zikakhala zitatu, chimodzi chabwino, china choipa, china chapakati, onse adzathamangira chapakatichi n'kuchitcha chenicheni, ndipo achemwali athu adzakhala atabwerera pa nambala imodzi yomwe akuithawa. Ngati zinayi zachuluka, bola ziwiri zosiyana kwambiri.

Mlangizi wa mapulani, mzinda wa Tete

Zikomo akuluakulu, za nambala ndi masenariyo zandimvekera, ndipo ndikhala pa zinayi popeza zikuchokera pa zinthu zomwe anthu akuzidziwa kale. Chomwe chatsala ndi kutsutsana kwa nthambi. Ndikaika zikalata zawo pambali ndi pambali pamaso pa a Administrador, akulu a distrito aja, zidzaoneka ngati ndabwera kudzachititsa manyazi akulu a nthambi, ndipo ndikudziwa kuti akachita manyazi sadzandipatsanso ngakhale pepala limodzi.

Wa mapu ndi kagawidwe ka malo, Furancungo

Achemwali, zikalatazo zisiyeni m'chikwama, mutenge mapu. Mfundo za maunduna zikakhala pa pepala sizimenyana, chifukwa iliyonse payokha ndi yabwino, koma zimakumana pa malo ndi pa madzi. Sindikizani mapu aakulu a distrito, aonetse mitsinje, madambo, nkhalango, misewu ndi misika, ndipo ngati distritoyo ili ndi pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo yomwe lamulo la 2007 limafuna, muiike pomwepo pamodzi ndi malo omwe ali kale ndi DUAT, chilolezo cha boma chogwiritsira ntchito malo. Mkulu wa nthambi aliyense ajambule yekha ndi cholembera cha mtundu wake pamene pali ntchito zake. Pamene mitundu iwiri yagundana pa dambo limodzi, onse adzaona okha, inu musananene kanthu, ndipo funso silidzakhalanso lakuti walakwa ndani koma lakuti damboli tilipatse ntchito iti. Chigamulo chimenecho n'cha a Administrador ndi khonsolo, si chanu. Zomwe zagundana chifukwa cha malamulo ochokera kumtunda muzilembe padera kuti zipite ku chigawo, monga ananenera a bajeti.

Mukatha pamenepo, tengani ntchito iliyonse yomwe yatsala pa mapu muiyese pa zithunzi zinayi zija. Zina zidzapezeka zothandiza pa zonse zinayi, monga mlatho wolimba wopita ku msewu wa Mussacama umene umatsegula msika wa Tete ndi Beira pamene wa Malawi wafa, kapena nkhokwe yosungira mbewu kuti mlimi asagulitse pa mtengo wozizira. Zimenezo zikwere pamwamba pa mndandanda. Zina zidzaoneka kuti zimapindula pa chithunzi chimodzi chokha, ndipo sikuti muzifute, koma zimangidwe pang'onopang'ono m'njira yoti zikhoza kuimitsidwa popanda kutaya zambiri.

M'chipindamo musakhale a maofesi okha. Muitane mafumu, amayi ogulitsa pamsika, oyendetsa malole ndi atsogoleri a makalabu a alimi, chifukwa iwo ndi amene amadziwa kuti dambo liti limauma mu Okutobala. Masenariyo a Mont Fleur omwe anapangidwa ku South Africa mu 1991 ndi 1992, amene alangizi akunja amakonda kuwatchula, anamveka chifukwa anthu a mbali zotsutsana anawalemba pamodzi, osati chifukwa cha luso la mlangizi. Kwathu kuno chitsanzo cha mbali inayo ndi Cateme, kumene mabanja mazana angapo anasamutsidwira pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Moatize kuti apereke malo ku mgodi wa malasha wa Vale. Nyumba zinamangidwa, koma nthaka yolima, madzi ndi mtunda wa kumsika sizinaonedwe pamodzi, mpaka mu Januwale 2012 anthu anatseka njanji, ndipo malamulo a kasamutsidwe ka anthu a Decreto 31/2012 anabwera pambuyo pake.

Wa bajeti, mzinda wa Tete

Ndiwonjezere chinthu chimodzi kuti ntchitoyi isathere pa msonkhano. Pa chithunzi chilichonse lembani zizindikiro ziwiri kapena zitatu zosonyeza kuti tikulowera kumeneko, ndipo zikhale zomwe zimapezeka kale popanda kulipira kafukufuku watsopano: ulosi wa nyengo womwe INAM, nthambi ya boma ya zanyengo, imatulutsa mvula isanayambe, mitengo ya mbewu yochokera ku SIMA, nthambi ya boma yotsata misika ya zaulimi, kusinthana kwa kwacha ndi metikali pamalire, ndi chiwerengero cha makontrakiti a fodya. Chizindikiro chilichonse chikhale ndi udindo wa munthu wochiyang'anira, osati dzina lake, chifukwa anthu amasamutsidwa, ndipo palembedwe kuti chikafika pamlingo wakutiwakuti ntchito yakutiyakuti ya mu PESOD idzayamba kapena idzadikira. Kuunikaku kuchitike PESOD ya chaka chotsatira isanalembedwe. Kukachitika itatumizidwa kale, mudzadikira chaka china.

Mlangizi wa mapulani, mzinda wa Tete

Ndathokoza nonse. Ndiyamba ndi kukumana ndi a Administrador paokha, nditanyamula tebulo la chiwerengero cha anthu, makalasi ndi zipatala, ndi kuwapempha kuti msonkhano wa mapu auitanitse ndi kuutsogolera iwowo. Mutu wa masenariyo ndiufupikitsa kwambiri, ndipo mtima wa pulani ukhale mndandanda wa ntchito zoyesedwa pa zithunzi zinayi pamodzi ndi zizindikiro zake. Kwa amene akulipira ntchitoyi ndilemba mawa kupempha kuti tsiku lopereka lipoti libwere patsogolo, lifike a distrito asanayambe kulemba PESOD. A bambo a ku Furancungo, ngati muli ndi mapu a madambo ndi nkhalango a madistrito a kumalirewa omwe akhoza kusindikizidwa pa pepala lalikulu, chonde nditumizireni kumbali, ndipo mundiuzenso kuti anajambulidwa chaka chiti kuti ndidziwe zoti ndikatsimikize ndi mafumu.