Ndithandizeni: pulogalamu ya pa foni yolondola mng'ono wanga wodwala maganizo

Anzanga, makamaka inu amene mumasamalira abale odwala matenda a maganizo, ndigawireni nzeru. Mng'ono wanga ali ndi schizophrenia, matenda aakulu a maganizo amene amachititsa munthu kumva kapena kukhulupirira zinthu zomwe palibe, ndipo a chipatala akufuna kuti aike pa foni yake pulogalamu yomwe izitolera yokha mmene akugonera, malo amene akupita kudzera pa GPS, komanso kuchuluka kwa mafoni ndi mauthenga amene akutumiza. Cholinga chake ndachimvetsa: kusowa tulo ndi kudzipatula nthawi zambiri zimayamba matenda asanabwererenso, ndiye dokotala angachitepo kanthu msanga.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chilolezo. Panopa akupeza bwino ndipo wavomera yekha. Koma matenda akamukula amakhulupirira kuti anthu akumuzonda, ndipo foni yomulondola usana ndi usiku ingamuwonjezere mantha amenewo. Tsiku limenelo akadzati pulogalamuyo ichotsedwe, adzamumvera, kapena adzati ndi matenda akulankhula? Kwa ine, kukana kwake kuyenera kulemekezedwa ngakhale pamenepo.

Pafomu ya chilolezo alemba kuti dzina lake lidzachotsedwa zomwe pulogalamuyo yatolera zisanapite kwa ofufuza. Koma malo amene foni imakhala usiku uliwonse amaulula nyumba ya munthu, kaya dzina lilipo kaya palibe. Ndani aziona zimenezi, dokotala yekha kapena ndi kampani yopanga pulogalamuyo? Akadzasiya, zomwe zatoleredwa kale zidzafufutidwa? Kodi n'zotheka kuvomera za tulo zokha n'kukana GPS? Inu amene munadutsamo, munafunsa chiyani wodwala wanu asanasaine?