Mahedifoni akulira ngati udzudzu pa jaki yakutsogolo, ndidule waya?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndamanga kakompyuta ka pabalaza, bodi (motherboard, pomwe zida zonse zimalumikizidwa) ya Mini-ITX ija ya 17 cm mbali zonse, fani imodzi yokha ya Noctua, kuti ana akagona ndizigwira ntchito mwakachetechete. Makinawo ali zii ndithu. Koma ndikalowetsa mahedifoni kutsogolo ndimamva kulira ngati udzudzu, ndipo ndikasuntha mawusi kumachita kunyanya. Jaki yakumbuyo ilibe vuto.

Waya wa audio wochokera ku jaki yakutsogolo kupita pa bodi ndi wautali, ndiye ndinaukulunga pafupi ndi power supply (kabokosi kopereka magetsi) poti malo ndi ochepa. Uli ndi mapulagi awiri olowetsa pa bodi, wa mtundu watsopano HD AUDIO ndi wakale AC'97. Ndikufuna kuufupikitsa ndi kudula ya AC'97. Ndiwononga bodi?

Wokonza mawailesi:
Achimwene, lumo liyambe ladikira. Tsegulani kesi, tulutsani wayayo alendewere panja kutali ndi power supply, mumvetsere. Phokoso likachepa, ndiye kuti waya alibe shield (chokutira chachitsulo chotchinga phokoso) ndipo akutola zinyalala za magetsi. Likapanda kusintha, ngakhale mufupikitse mungotaya nthawi.

Membala wina:
Pulagi ya AC'97 ija iduleni, ndi ya makedzana. Intel inabweretsa HD Audio mu 2004. Koma mudule waya mmodzimmodzi, nsonga iliyonse muiphimbe ndi heat shrink (kachubu kapulasitiki kofota kakatenthedwa), zisagundane. Jambulani kaye chithunzi. Pa HD Audio, pini 1 ndi 3 ndi maiki, 2 ndi ground (njira yobwerera magetsi), 5 ndi khutu lamanja, 9 lamanzere, 8 palibe pini. Musadalire mitundu ya mawaya, kampani iliyonse ili ndi yake. Ndipo musasokoneze ndi header (mapini olowetsapo pulagi pa bodi) ya USB, imafanana koma yosowa pini 9. Ine ndinakakamizapo tsiku lina, sindifuna kukumbuka.

Wofunsa:
Ndautulutsa panja monga mwanenera bambo. Udzudzu udakalipo, mwina wachepa pang'ono chabe.

Wokonza mawailesi:
Ndimaganiza choncho mutangotchula mawusi. Kukanakhala kung'ung'udza kwa mawu a besi, ndikanati ndi 50 Hz ya magetsi a m'nyumba. Izi n'zam'kati. Pa makesi ambiri, kabodi kakutsogolo kamalumikiza ground ya audio ndi ya USB pamodzi, kenako sikuluwu n'kuigundanitsa ndi chitsulo cha kesi. Phokoso la purosesa limapeza njira yolowera m'makutu mwanu. Zulani pulagi ya USB yakutsogolo pa bodi, mumvetserenso. Likatha, yezani ndi multimeter (chida choyezera magetsi), mudule kanjira kolumikiza ma ground awiriwo. Earth ya chingwe cha magetsi (waya woteteza kuti magetsi asakugwireni) yokha musaikhudze, imeneyo ndi moyo wanu.

Mayi wina:
Abale inu, zonsezi chifukwa cha jaki imodzi? Gulani ka USB DAC (kachida kotulutsa mawu kudzera pa USB), kapena waya wowonjezera wa 3.5 mm kuchokera kumbuyo, basi.

Wofunsa:
Amayi mukunena zoona, koma kabowo kakutsogolo kosagwira ntchito kazindisowetsa tulo. Ndazula USB, udzudzu wafa! Multimeter ndikabwereka mawa. Kanjirako ndidule ndi lezala kapena pali chida chake?