Banja Lathu: za masipika a bambo

Achemwali (msungichuma): Mwaswera bwanji nonse. Pa anthu 8, amene amaliza K400,000 ndi atatu. Awiri apereka theka. Atatu otsalawo mukudzidziwa. Tsiku lobadwa la bambo silidikira munthu.

Malume: Ine ndinanena kale. Ku Limbe kuli zimasipika za ma watt 3000, zoyaka magetsi a buluu kutsogolo. Mtengo wake sufika ndi theka lomwe la ndalama mukutchulazi.

Alamu a ku Joni: Malume, 3000 imeneyo ndi PMPO, nambala yokopera ogula. Sipika sipanga ma watt, imangolandira kuchokera ku ampu. Ampu ya bambo ndi NAD 3020, imatulutsa ma watt 20 mbali iliyonse. Tiyambire pamenepo.

Achimwene a ku Leeds: Zoona alamu. Kuno ndasankhula mpaka kutsala awiri: KEF LS50 Meta ndi Wharfedale Linton. KEF ndi yaing'ono, makilo 7 okha, mawu a woyimba amamveka ngati waima pakati pa balaza. Koma imafuna mphamvu, sensitivity yake (kukula kwa phokoso limene imatulutsa pa watt imodzi) ndi 85 dB. Linton ndi 90 dB, ili ndi woofer (sipika ya besi) ya mainchesi 8.

Mzime: Nde kusiyana 5 yokhayo tikanganirepo?

Alamu a ku Joni: 5 imeneyo si yochepa. Kuti phokoso likwere ndi 3 dB ampu imayenera kutulutsa mphamvu kuwirikiza kawiri. Ndiye pomwe Linton ikudya ma watt 5, KEF ikufuna oposa 15. Opanga KEF amati ampu iyambire pa ma watt 40. Mukaimangirira pa 20, bambo azikweza voliyumu kufuna besi, ampu izibanika n'kumadula nsonga za mafunde, ndipo chimene chimapsa ndi tweeter, kasipika ka mawu opyapyala. Ampu yaing'ono yokakamizidwa nayo imawotcha masipika.

Azakhali: Ngati aja anapita ku chinkhoswe aja.

Malume: Aja anali atatopa kale.

Azakhali: Sindinatchule munthu ine, achimwene.

Achimwene a ku Leeds: Ndinenenso poyera, Linton nayo amalemba kuti ampu iyambire pa 25. Tapereweranso pang'ono. Koma bambo amamvera malekodi atakhala pampando mamita awiri ndi theka, si dansi. Kuseri kwa NAD kuli kaswitchi ka soft clipping, kofewetsa kudula nsonga kuja, kakhale koyatsa nthawi zonse.

Achemwali: Ampu ina palibe, ndineneretu. M'thumba muli K1,600,000.

Malume: Nchifukwa chake ndikuti za ku Limbe. 3000. Zikhozanso kumabwerekedwa paukwati, ndalama n'kumabwerera.

Mzime: Eee malume 😂

Alamu a ku Joni: Wina apite ku Zomba akayeze balaza. Ndikufuna kutalika, kufupika, ndi pamene pali kabati ya mbale.

Mlongo wa ku Zomba: Ndayeza ndi tepi ya atelala. Mamita 5 kwa 4. Pansi simenti, siling'i ilipo, mawindo awiri kumbali ya msewu.

Alamu a ku Joni: Yakwana Linton. Onse awiri ali ndi mabowo a besi kumbuyo, ndiye osagundiza kukhoma. Pakhale masentimita 50 kumbuyo, ndipo pakona ayi, besi imangoti buu buu mawu osamveka. Pakati pa masipika mamita awiri, mpando wa bambo utalikire chimodzimodzi kuchoka ku iliyonse. Tweeter ilingane ndi khutu munthu atakhala. Simenti imabweza mawu, ndiye pafunika kapeti yochindikala pakati, ndi makatani olemera pamawindopo. Kabati ya magalasi ichoke pakhoma limenelo, izinjenjemera.

Azakhali: Kabati imeneyo anaika malemu mayi anu. Muisunthe nokha, ine mulibemo.

Mlongo wa ku Zomba: Kapeti ija inapita ndi ndani kodi? Inali m'chipinda cha alendo.

Azakhali: Funsani amene anatenga mapoto.

Mzime: Paja feteleza wa kumunda kwa agogo tidulanso pa ndalama yomweyi?

Achemwali: Ayi. Za feteleza zili ndi gulu lake, komwenso anthu ake ndi omwewa osapereka.

Msuweni: Ndituma pa Mpamba Lachisanu

Achemwali: Lachisanu lake liti? Munateronso pa chiliza.

Msuweni watuluka m'gulu

Mzime: Nde basi atsala 7

Achimwene a ku Leeds: Tibwerere ku katundu. Linton imodzi ndi makilo 18.4 popanda katoni, ndiye imodzi yokha yadya kale chikwama cha makilo 23 pandege. Masitandi ake ndi achitsulo, olemeranso, pansi pake pali malo osungira malekodi. Kuchokera kuno sizingatheke popanda kulipira katundu woonjezera kawiri. Alamu, kwanuko?

Alamu a ku Joni: Kuno amapezeka ogwirapo kale ntchito. Akwera lole kapena basi kudzera ku Tete mpaka pa Mwanza. Akhale m'makatoni ake enieni okhala ndi thovu la m'makona, aimiridwe, pamwamba osasanjikapo matumba. Lisiti isungidwe, a MRA adzaifuna powerengera msonkho. Msonkhowo muuike m'bajeti pano, osadzadabwa pachipata. Masitandi tisiye, wowotcherera wa ku Zomba apanga. Ndidzatuma miyeso, miyendo yake azidzathiramo mchenga wouma kuti isalire.

Achemwali: Ogwirapo ntchito tidziwa bwanji kuti ndi abwino? Ndalama za anthu izi.

Alamu a ku Joni: Poyamba mita yoyezera magetsi. Linton ndi ya ma ohm 6, ndiye iwerenge pansi pa 6, ndipo onse awiri afanane. Kenako kukankha woofer pang'onopang'ono ndi zala motambasula. Ikamakhula m'kati ndiye kuti koyilo inapsa, osagula. Labala ya m'mphepete isakhale yong'aluka. Pomaliza kuika khutu pa tweeter iliyonse nyimbo ikulira motsitsa. Yakufa imangoti zii.

Malume: Za ku Limbe n'zatsopano. Zosafuna mita.

Achimwene a ku Leeds: Ampu nayo ionedwe, mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 1978. Wokonza ayeze DC (magetsi oyenda mbali imodzi) potulukira mawaya a sipika, isapose 50 mV. Ikapitirira, kapena makapasita akatupa, ampuyo ikonzedwe masipika asanalumikizidwe. Waya wa kopa weniweni wa 2.5 mm, osati wa aluminiyamu wopaka kopa uja wadzadza m'misikayu. Mamita atatu mbali iliyonse akwana. Wofiira kwa wofiira. Mukatembenuza mbali imodzi besi imasowa, anthu n'kumati sipika ndi yabodza.

Mlongo wa ku Zomba: Nanga magetsi akathima? Inveta ya kuno ikayaka wailesi imachita zzzz.

Alamu a ku Joni: Imeneyo ndi ya modified sine, magetsi ake si osalala, ampu osalumikizako. Ifunika ya pure sine, ya magetsi osalala, apo ayi bambo adikire magetsi. Pasoketi paikidwe guard ngati wa firiji uja, wochedwetsa mphindi zingapo magetsi akabwera. Komanso chinyezi cha Zomba nthawi ya dzinja: masipika asakhudze khoma kapena pansi, asaombedwe dzuwa la pawindo, ndipo mabowo akumbuyo muzisuzumiramo, mphemvu zimakonda mofunda.

Azakhali: Ndipo pasaikidwe maluwa amadzi pamwamba. Ndikudziwa amene amatero.

Achemwali: Ndiye Linton, zagwirizanidwa? Popeza wina watuluka, aliyense aonjezera K60,000, kupatula msonkho ndi wowotcherera. Awiri amene mukungowerenga osayankhanu, matiki abuluu ndikuwaona.

Malume: Yanga ndipereka mukayamba mwakaona za ku Limbe.

Achemwali: Malume, yanu ndi imodzi mwa zitatu zija.

Mzime: Ndimubwezemo msuweni kapena ndimusiye?