Za mlongo wathu amene anachira kolera

Amalume: Abale nonse, ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino. Patha miyezi iwiri chitulukire mlongo wanga m'chipatala, ndipo ndimaganiza kuti tisankhe tsiku loti tonse tikasonkhane kwawo, tikathokoze Mulungu kuti anapulumuka ku mliri wa kolera. Ndikupempha maganizo anu.

Mwana wachisamba: Zikomo amalume, koma mundilole ndinene zimene ndikuona ine amene ndikukhala nawo. Thupi la amayi linachira ndithu, koma mtima sunakhazikike. Usiku sagona, ndipo akangoti atseke maso amadzidzimuka n'kunena kuti akuona bedi limene bambo anatsirizikirapo pafupi ndi lawo. Amandifunsa mobwerezabwereza chifukwa chimene iwo anatsalira pamene bambo anapita. Madzi akumwa amawaopa ngakhale nditathira klorini iwo akuona, ndipo m'manja amasamba mpaka khungu kusweka. Khamu la anthu sangalipirire pakadali pano.

Azakhali: Mwanangu, nkhani yotere unaisungiranji wekha nthawi yonseyi? Ine ndinkangowauza pa foni kuti alimbe mtima, osadziwa kuti zafika pamenepo.

Msuweni namwino: Azakhali, musadziimbe mlandu, ngakhale kuti mawu akuti "limbani mtima" nthawi zina amachititsa munthu kubisa zimene zikumusautsa. Kulota zoopsa, kudzidzimuka, kupewa chilichonse chokumbutsa matendawo ndi kudziona wolakwa chifukwa chokhala ndi moyo zimaoneka kawirikawiri mwa anthu opulumuka miliri. Zinaonekanso mwa ambiri amene anachira Ebola ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone pa mliri wa 2014 mpaka 2016, umene unapha anthu oposa 11,000, ndipo kumeneko kusalidwa ndi anansi kunawonjezera ululu wa anthu amene anali atataya kale abale awo. Zizindikiro zotere zikapitirira mwezi umodzi, achipatala amayamba kuganizira za vuto la maganizo lotchedwa PTSD, limene limadza munthu akadutsa m'zoopsa, ndipo lili ndi chithandizo chake. Amayi aang'ono apitirira kale mweziwo, choncho ndikupempha kuti akaonane ndi wachipatala wodziwa za matenda a maganizo.

Alamu: Za kusalidwazo n'zoona, chifukwa ndamva kuti anzawo ena analeka kulowa m'nyumbamo. Ndifunse mosabisa, popeza ana anga afuna kukawaona: kodi sangapatsirenso munthu?

Msuweni namwino: Ayi alamu. Tizilombo ta kolera timapezeka m'chimbudzi cha munthu kwa masiku osapitirira pafupifupi 10 atatenga matendawa, ndipo timafala kudzera m'madzi kapena chakudya choipitsidwa. Patatha miyezi iwiri palibe choopa. Anawo apite, ndipo inuyo mukamwe madzi m'kapu yawo anansiwo akuona.

Amalume: Ndamva, ndipo msonkhano uja ndauimitsa kufikira mwiniwake adzaufune yekha. M'malo mwake tizipita awiriawiri mosinthana, kuti mphwangayu apezeko mpumulo, pakuti nayenso anataya bambo ake ndipo palibe amene wamufunsa mmene akugonera.

Msuweni namwino: Amene mukupitako musawaumirize kufotokoza za m'chipatala muja. Akayamba okha, mvetserani osawadula mawu, ndipo akakhala chete, khalani nawo chete kapena gwirani nawo kantchito kamene ankakonda asanadwale. Koma akadzanena kuti kuli bwino atsatire bambo, kapena akakana kudya masiku otsatizana, musadikire tsiku lokaonana ndi adokotala, mupite nawo tsiku lomwelo ndipo asatsale okha.

Mwana wachisamba: Za kuchipatalazo ndikuopa kuti akamva kwa ine aganiza kuti ndikuwayesa amisala. Kwa azakhali angamve msanga.

Azakhali: Ndipita Lachisanu ndipo ndikagona komweko masiku awiri. Ndikawauza kuti tikafunse chithandizo cha kusowa tuloko, ndipo ndikawaperekeza ndine. Alamu, inu ndi ana mubwere Lamlungu masana, mudzandipeze ndisananyamuke.